Makumi Asanu Kuchotsapo Asanu ndi Awiri

Ndinawatenga ku Limbe Lachiwiri, m'katoni yobowola,
makumi asanu, onse akulira nthawi imodzi.
Kondakitala wa minibasi ya ku Bangwe anati,
"Mayi, amenewa alipiranso mpando wawo."
Ndinaseka. Ndalama inali ya banki m'khonde,
komabe tsiku limenelo ndinaseka.

Sabata yoyamba anali thonje loyenda ndi miyendo.
Ndinawayalira utuchi wa kwa a Likaka akalipentala,
babu ndinapachika m'munsi, pafupi ndi timitu tawo,
Lonjezo nasamukira pabalaza ndi mabuku ake a Folomu 2
akung'ung'udza kuti nkhuku zamulanda chipinda.

Kenako chiperoni chinatsika m'phiri,
magetsi nawo anapita osatsanzika.
Anaunjikana pakona, nagubuduza chomwera,
utuchi unanyowa, ine osadziwa mpaka kutacha.

Woyamba ndinamuona ataima payekha,
maso ali tsinzinu, mapiko ali lende
ngati jekete yobwereka kwa mkulu wake.
Nditamutembenuza, kumbuyo kunali kutamatika,
zitosi zoyera zitauma gwa, zitatseka njira.
Mawa lake anali atatu.
Lachisanu pa utuchi panaoneka magazi.

Mai Nasibeko anati ndisinjire tsabola m'madzi.
A Likaka anati phulusa.
Mnyamata wapaokala anati kapisozi mmodzi amatha zonse.
Aliyense pa Bangwe ndi dokotala
nkhuku zikakhala za mnzake.

Ine ndinakulunga chitosi m'pepala la shuga,
ndinachibisa pansi pa chikwama ngati chakuba,
ulendo ku sitolo ya mankhwala a ziweto.
Mtsikana wa pakauntala, msinkhu wa mwana wanga,
sanatseke mphuno. Anachiyang'ana nthawi yaitali.
"Pogona pawo ndi pouma? Madzi mumasintha kangati?
Nanga chakudya, mukuwapatsa chokhachokha cha m'thumba?"

Apa ndinayang'ana pansi.
Thumba linkatha msanga, mtengo unali utakweranso,
ndiye ndinkasakanizako madeya a kuchigayo,
aja anagona kukhonde mvula ikuwaza,
aja ankanunkha chuku ine nkumati
nkhuku sidziwa kununkhiza.

Usiku umenewo ndinakoleza mbaula,
zenera ndinasiya pang'ono kuti utsi uzituluka.
Madzi ofunda m'kambale, kansanza ka chitenje chakale,
mmodzimmodzi ndinawanyowetsa kumbuyo,
osakoka, kudikira kuti zifewe zokha,
kenako kuwapukuta, kuwafungatira m'dzanja
kamtima kakugunda pa chala changa.

Manja anga anakumbukira ndisanakumbuke ine:
ku Gulupu, chaka cha kolera chija,
Lonjezo ali wa miyezi isanu ndi inayi,
liwombo litalowa, diripi ili pamutu,
ine kuwerenga matewera m'malo mwa maola,
kutsegula lililonse ngati kalata yochokera kutali.

"Amayi, mukulirira nkhuku?"
Anali ataima pakhomo, bulangete lili kumutu.
Ndinati ndi utsi wa makala.
Anakhala pansi, natenga kansanza kena.

Asanu ndi awiri tinawakwirira kuseri kwa bafa,
dzenje lakuya, kuti agalu a kwa aneba asafukule.
Lonjezo anachotsera pachikuto cha kope lake la masamu,
nandiuza zotsala, ngati sindikudziwa.

Lero ndadzuka mabasi asanayambe kuitanira.
Sindinayang'ane kumwamba ngati kuli mitambo,
ndagwada pa utuchi watsopano ndi tochi ya foni
kufunafuna chimene anthu amachiponda nkutukwana.
Ndachipeza: cholimba, chabulauni, kachipewa koyera pamwamba.
China apo. Chinanso apo.

Kaja kochepetsetsa, kamene tinakataya kale m'mtima,
kakukankhana ndi anzake pa chodyera,
chithokomiro chili tuu ngati kathumba ka mtedza.

Lachinayi kuli banki m'khonde.
Adzafunsa za chiwongoladzanja, sadzafunsa za zitosi.
Ndidzavala chitenje chabwino chija,
ndidzati makumi anayi ndi atatu alipo,
ndipo akudya.