Malo Oyera Pakhoma

Choyamba ndinachigula mwangozi.
Ndinali kumata chubu pansi pa mtengo wa mango ku Kapata,
manja ali bii ndi girisi,
pamene mtsikana wina anafika akukankha njinga yakuphwa
nati ndalama alibe, koma ali ndi ichi.
Anafunyulula thumba la feteleza.
Kumbali yopanda zilembo
kunali amayi atatu odikira basi ya ku Lundazi,
ojambulidwa ndi penti yotsala popaka zitseko.
Mmodzi anali atavula nsapato.
Phazi lakelo ndinalidziwa:
linatupa ngati la mayi anga
chaka chija thonje linagulidwa pa ngongole.

Ndinamata chubu, ndinawonjezapo makwacha makumi awiri.
Pakona panalembedwa timalemba topendekeka: Tionenji Shawa.

Zelipa, mkazi wanga, anafunsa:
Chaka chino tidya zithunzi?
Anati khoma ndi la kalendala ndi chithunzi cha ukwati, basi.
Koma m'mawa wina ndinamupeza tsache lili m'manja,
akuyang'ana phazi lija osaphethira.

Kenako matenda anakula.
Loweruka ndimatseka msanga,
ndimapalasa ku Mchini, ku Navutika, kuseri kwa masitolo akumunsi,
kufunsa khomo ndi khomo ngati wotaya mbuzi:
kodi kuno kuli mwana amene amakuwonongerani makatoni?
Ndinapeza Yotamu wometa tsitsi,
amene amajambula ndi makala makosi okhaokha,
poti tsiku lonse anthu amamupatsa nkhongo.
Ndinapeza Penias wa ku Katete,
wowotcherera masipoko ndi matcheni anga akutha
mpaka itatuluka ng'ombe ya m'chilala,
nthiti zonse zowerengeka, mchira wa waya wa buleki.
Ndinagulaponso choipa, ndivomere:
phiri la Kanjala looneka ngati mbatata yofukusidwa ndi nkhumba.
Mnyamatayo anali asanadye, ndipo anandiyang'ana.
Chili kuseri kwa chitseko. Sinditaya.

Mawu a anthu ophunzira sindiwadziwa.
Ndimangodziwa kuti china chimakudutsa
ngati lole yopita ku Mwami, fumbi lokha kutsala,
china chimakugwira pakolala ngati munthu amene unamukongola
ndipo sichikusiya mpaka upisa m'thumba.
Ndalama yake ndi ya mafuta ophikira.
Nthawi zina ndi ya sopo.

Dzana pakhomo panaima takisi.
Anatsika Tionenji, magalasi kumaso,
lilime litayamba kupendekera ku Lusaka.
Akuti kumeneko kuli chionetsero,
ndipo akupempha amayi atatu aja kwa miyezi iwiri yokha.
Anaima patsogolo pawo nthawi yaitali, chala pamlomo,
kenako anati: Manja awa ndinalakwitsa, ndiwakonza.
Ndinati: Usakhudze.
Ndinagula pamodzi ndi zolakwa zake zomwe.
Anaseka, koma maso ananyowa,
nafunsa ngati ndikadamatabe machubu.

Tinazula misomali inayi, umodzi unakana mpaka unapindika.
Anakulunga thumba la feteleza lija
m'pepala lofewa ngati la mwana wakhanda.

Tsopano pakhoma patsala malo oyera a ngodya zinayi,
pomwe utsi wa mbaula sunafike zaka zisanu ndi chimodzi.
Zelipa anabwera ndi kalendala ya kampani ya mbewu,
anaigwirizira pamenepo, anapendeketsa mutu,
naibweza m'kabati osanena kanthu.

Madzulo timakhala moyang'ana pamalopo,
iye akusenda nsawa, ine ndikuwongola sipoko.
Makosi a Yotamu atipatsa nkhongo monga mwa masiku onse,
ng'ombe ya Penias siinenepa.
Usiku wathawu, magetsi atazima,
ndinamva Zelipa akunena mumdima:
Basi ija inabwera tsopano, akwera.
Koma taonani, bambo a Nelia, akwera yolakwika,
ndipo uja wapita nsapato ili m'manja.