Bowa wa ku Rosettenville

Kuseri kwa nyumba ya Mma Sebolai
kuli kagalaja kopanda zenera.
Galimoto inagulitsidwa kalekale.
M'menemo ndapachika majumbo makumi atatu
odzaza mapesi a tirigu amene ndinawiritsa mumgolo
Lamulungu lonse, mpaka maso psuu ndi utsi.

Kwathu ku Mchinji bowa sitinkalima.
Mvula ikagwa usiku wonse
tinkalawirira kuchulu mame asanakamuke,
n'kubwerako ndi utale wodzaza chipewa.
Zulu za kuno ndi milu yachikasu ya migodi,
sipamera ngakhale chisoso,
ndipo mbewu ya bowa ndimachita kugula m'botolo.

Masabata atatu, jumbo layera mbee.
Kenaka timakutu totuwa timasuzumira
m'mabowo amene ndinacheka ndi lezala.
Safuna dzuwa. Safuna phokoso.
Magetsi akathima, iye alibe nazo kanthu.
Kambalame, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amaseka:
"Bowa wanuyu ndi ife ndithu, achimwene,
amakula bwino pamene sakuonedwa.
Kungoti iye apolisi samufunsa pamiti."

Ndikathyola katatu, jumbo limatopa,
limapepuka, limanunkha ngati nkhalango itavumbwa.
Poyamba ndinkataya kubini.
Mma Sebolai anandikalipira m'Chisutu chawo,
ine sindinatolepo liwu,
ndinangomva chala chikuloza kudimba.

Dimba lake!
Dothi louma gwa, lodzaza zidutswa za njerwa
ndi zitsekerero za mabotolo a mowa.
Ndinafotsera mapesi otopawo pakati pa mizere,
apa mpiru, apo anyezi,
kumpanda nyemba ndi maungu.

Tsopano nyongolotsi zafika,
sindidziwa zadutsa pachipata chiti.
Nthaka ikusunga chinyontho masiku anayi.
Matalala a Novembala anaboola mpiru ngati sefa,
koma sabata isanathe unaphukanso,
masamba otambalala kuposa chikhatho changa.
Amayi ogulitsa ndiwo pasiteji ya matakisi
ayamba kundidziwa dzina.

Dzana m'mawa, ndikutsina nkhwani,
ndinaona pansi pa tsamba, mumthunzi,
bowa uja ndinkati watha ntchito
watukula mutu yekha, wosatumidwa,
phewa ndi phewa ndi tsinde la dzungu.
Ndinanjuta pamenepo nthawi ndithu,
madzi akusefukira m'ndowa.

Ndinamujambula pafoni, n'kutumizira Esinati.
Anayankha madzulo:
"Ameneyo ngodyedwa? Samalanitu.
Fizi ya Tiyamike ikufunika mwezi usanathe."