Volovolo ya Fositino

Anabwera Lolemba kum'mawa,
Lizulu ali zii, chifunga chikadakwawa pamsewu,
aNangozo, dengu pamutu:
pamwamba makabichi awiri,
pansi kanthu kokulunga m'thumba la feteleza.

Ine ndimakonza njinga, mayi.
Matcheni, masipoko, mabuleki osagwira.
Iwo amvekere: chitsulo n'chitsulo, aLufeyo,
tatsekani chitsekocho.

Volovolo.
Yofiira ngati katondo,
dzimbiri litamera ngati ndere pamwala,
mpini wake wamtengo utafumbwa mbali imodzi.
Anaipeza anyamata pogumula khitchini yakale,
ili m'chitini, pansi pa mafuwa,
pomwe inagona kuyambira usiku uja
Fositino anadumpha msewu womwewu
kuthawa nkhondo ya kwawo,
nsapato kuphazi limodzi.

"Lachisanu ndikaipereka kupolisi ku Ntcheu.
Koma sipita chonchi.
Malemu sanapitepo pagulu ndi malaya osachapa."

Ndinayamba n'kusuzumira m'mabowo.
Asanu ndi limodzi, onse opanda chipolopolo,
m'limodzi muli kangaude wouma, miyendo atapinda.
Ndinaiviika m'palafini masiku awiri,
m'beseni lomwe ndimafufuziramo pobooka chubu.
Palafini anasanduka ngati madzi otsukira mpeni
tsiku lopha mbuzi.

Kenako mswachi wakale, sitiliwulo,
sandipepala wosalala, pang'onopang'ono,
monga umakandira mwana pa chipere.
Dzimbiri lapamwamba silivuta, limachoka n'kuseka komwe.
Lovuta ndi lija linalowa m'kati,
linadya chitsulo n'kusiya timaenje
ngati nkhope ya wochira nthomba.
Timeneto ukati utipale tithe, watha ndi mfuti yomwe.
Ndinatisiya.

Lachitatu madzulo manambala anatuluka.
Pansi pa mpini, zilembo ziwiri zokanda ndi msomali:
Z ndi M.
Ndinawaonetsa aNangozo pa kuwala kwa foni.
Si Fositino ameneyu, mayi.
Anayang'ana nthawi yaitali, akupotokola nsonga ya mpango.
"Zaka makumi atatu ndagona pambali pake.
Mwezi wa Juni ukafika ankaitana munthu kutulo,
Zakeyu, Zakeyu, dzuka.
Kukacha ndikafunsa, ankangoti mbatatesi zafuna mankhwala."

Sindinafunse zambiri.
Mmisiri amafunsa pomwe pakulira, osati amene anakwerapo.

Ndinaifunditsa pa mbaula,
n'kuipaka oyilo wakuda wotsala m'minibasi,
kupukuta, kufunditsanso, kupakanso,
mpaka inada bii, ikunyezimira ngati phiko la khwangwala.
Mpini ndinaumata ndi utuchi wa mlombwa ndi guluu.
Ndiye chala changa, chozolowera kuyesa gudumu,
chinangokankha kagudumu kake kaja.
Kanazungulira.
Khe. Khe. Khe.

Zaka zonsezi ndikamva chitsulo chakufa chikuyankha
mtima umati myaa.
Tsiku limenelo msana unazizira.
Panja ana a sukulu ankadutsa, akulimbirana nzimbe.

M'mawa ndinawauza: mayi, malaya ndachapa,
koma pakamwa ndikufuna nditseke.
Anagwedeza mutu kamodzi.
Ndinakhomera chibawuti mumpope,
tinapita kwa Jekete wowotcherera mageti,
moto wabuluu unathetheka kawiri, basi.

Anaikulunga m'nsalu yoyera ya Chigwirizano,
n'kukwera minibasi, mpando wapawindo,
dengu lili pamiyendo ngati mwana wopita kusikelo.
Malipiro anga anali makabichi aja.
Limodzi linali ndi mbozi.

Dzimbiri linakhala m'zikhadabo zanga sabata yathunthu,
mkazi wanga akudandaula kuti ndikununkha nyali.
Palafini wofiira uja ndinakamutaya mu ngalande ya msewu,
ndipo usiku womwewo kunagwa kamvula kosayembekezeka.
Kuno ngalande ndi malire.
Sindikudziwa ngati anatsikira kwathu
kapena anabwerera kwawo.