Mpando wa Tymek

Usiku woti mawa ndi ulendo
tinakangana m'khitchini mwathu ku Gdańsk,
motsitsa mawu, kuopa kudzutsa mwana.
Ine ndinati tikabwereka komweko,
mayuro asanu ndi anayi pa tsiku sangatiphe.
Jagoda anapukusa mutu akupinda timalaya ta Tymek.
Wobwereka sudziwa kumene wadutsa, anatero,
mwina unapulumukapo pa ngozi,
mng'alu uli m'kati, kunja kuli see.
Wathuwu ndinaugula ndekha,
sunagwepo ndi kamodzi komwe.

Ndinagonja. Pa za mwana sindichedwa kugonja.

Mbandakucha, chisanu chikuluma makutu,
ndinaubereka kumsana mpando wopanda mwana,
mwini wake ali m'manja mwa mayi ake, akunyanyala nthochi.
Unandigogoda m'chiuno pa sitepe iliyonse,
unakola jekete la mayi wina pa mzere,
ndinapepesa m'zilankhulo ziwiri.
Pa kauntala anaukulunga m'pulasitiki,
n'kuumata pepala lolembedwa Faro,
lamba wa katundu n'kuumeza pang'onopang'ono.
Jagoda anauperekeza ndi maso
mpaka unasowa kuseri kwa katani.

Tinasintha ndege ku Munich chothamanga.
Tymek analira ponyamuka,
n'kugona pamwamba pa mapiri amene sindiwadziwa dzina.

Ku Faro zikwama zinatuluka zonse,
chofiira, chobiriwira, ndodo za gofu za munthu wina.
Lamba anazungulira wopanda kanthu kawiri, katatu,
kenaka zii.
Watsala ku Munich, anatero mnyamata wa mu ofesi,
akutipatsa fomu ndi cholembera chosalemba.

Sindinanene kanthu.
Izi zilembedwe penapake:
sindinanene kanthu.

Kobwereketsa magalimoto, Mayi Graciete
analowa kuseri n'kubwera ndi wotuwa, wosuluka m'mphepete.
Jagoda anaugadabuza, anaununkhiza,
anakoka malamba ake mmodzimmodzi,
anawerenga deti lapansi pake kawiri,
anapisa chala m'ngodya
n'kutulutsa mphesa youma ndi kansapato ka chidole.
Ndimaitsuka ndekha Lolemba lililonse, anatero Graciete,
koma ana amabisa chuma chawo kumene burashi safika.

Kuumanga kunanditengera theka la ola padzuwa,
thukuta lili kamukamu,
malangizo m'Chipwitikizi, zithunzi zofufutika.
Jagoda anakhala kumbuyo,
chikhatho pachifuwa cha mwana
ngati lamba wina amene kampani inaiwala kuika.
Ndinayendetsa ngati ndasenza mazira,
amalole akundiimbira mahutala mpaka ku Tavira.

Tsiku lachitatu wathu unafika pa vani,
pulasitiki atang'ambika,
pakona pali chipsera chakuda chotalika ngati chala.
Jagoda anagwada pakhonde n'kumachisisita.
Unagwa kodi? Anauponya? Anausanjikiza ndi chiyani?
Woyendetsa vani anangotambasula manja.
Masiku awiri amene sitinauone
anakwana kuusandutsa mlendo,
nawonso tsopano uli ndi zake zosatiuza.

Apanso ndinatseka pakamwa,
koma nthawi ino sikunali kudzigwira.
Ndinaona mmene anaugwirira,
ndipo ndinazindikira chimene tinkakanganira m'khitchini muja:
iye amafuna chinthu chimodzi chokha pa ulendo wonse
chimene angalumbirire kuti akuchidziwa.

Sabata yonse tinayenda ndi mipando iwiri kumbuyo,
wina tikuulipira, wina tinaulipira kalekale.
Tymek anasankha wotuwa uja,
akuti pamenepo amaona maboti.
Mu wathu anakhazikamo kadyansonga wake wa nsalu,
wa khosi lothyoka, diso limodzi.

M'mawa uliwonse ndisanalize injini
Jagoda ankatsegula chitseko chakumbuyo,
n'kukoka lamba wa mwana, kuona ngati wagwira,
n'kuyesa ndi zala ziwiri pansi pa chibwano,
kenaka, poganiza kuti sindikuona,
n'kukokanso wa kadyansonga.