Diresi Lofiira la Mayi Evanthia

Lachisanu lililonse ndinkawasitira madiresi
omwe sankawavala n'komwe.
Ankangowayala pabedi, amvekere: Mwanaisha,
ili ndinafa nalo kasanu ndi kawiri ku Atene,
anthu ataimirira,
m'manja mukulira ngati mvula pamalata.

Ine phwete. Munthu afa bwanji kasanu ndi kawiri
n'kudzagulitsa buledi ku Mangochi,
kufupi ndi mlatho, pomwe akabaza amalimbirana makasitomala?

Anabwera ndi mwamuna wa mabwato.
Mwamuna anatsogola, mabwato anagulitsidwa,
iwo n'kutsala ndi uvuni
ndi chilankhulo chopanda wowayankha.

Magetsi akathima ankayatsa koloboyi,
n'kuima pakhomo la khitchini, msana njo,
mawu akuchokera pansi pa mchombo,
kulirira mwana amene sanaberekepo.
Sindinkatolapo liwu ndi limodzi lomwe,
koma kawiri konse buledi anapserera
ine ndili chiimire, misozi chuchuchu.

Ana a sukulu ya kwa Mponda atabwera
kudzabwereka zovala za sewero lawo
anawapatsa madiresi onse, kupatula lofiira.

Limenelo tinawaveka tsiku lomaliza.
Linali litawakulira.
Ndinalipinda ndi mapini kumsana,
kumene oonerera saona.