Mphindi Zitatu ku Stoney Stanton

Loweruka ndinavula yunifolomu ya kuchipatala cha ku Leicester
n'kuvala khungu lakuda la labala,
lothina pakhosi ngati ngongole.
Morag anandimanga lamba wa mtovu m'chiuno,
silinda kumsana, zipsepse kumapazi,
ndipo ndinapita kumadzi chafutambuyo.

Kuno kale ankaphwanya miyala.
Lero dzenjelo ladzaza madzi obiriwira, ozizira mpaka m'mano.
Pamkono panga kakompyuta kobwereka,
kagalasi kake kokalikakalika,
kankawerenga: mamita asanu, khumi, khumi ndi asanu ndi atatu.
Basi yomira inatulukira mumdima,
nsomba yamizeremizere itaima pampando wa dalaivala.
Sindinamve china koma mpweya wanga,
fwee, bwubwubwu.

Pokwera kalira. Pii. Pii.
Ima, katero. Mphindi zitatu.
Kuwala kuli pomwepa, mamita asanu okha,
ndikuona mimba za abakha zikudutsa,
koma iko kakuti magazi sakonda phuma,
mpweya umene wameza utuluke mwaulemu.

Ine wothamangira mabelu a odwala usiku wonse,
wodya chiimirire,
woyankha foni zakumudzi ndikusinza m'sitima,
ndagwira chingwe, ndili lendee.
Morag akundifunsa ndi zala ngati ndili bwino.
Ndakhudzitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Chifikireni m'dziko lino, zaka zisanu ndi chimodzi,
palibe anandiuzapo kuti ndidikire
chifukwa cha thupi langali.
Kwatsala masekondi makumi anayi.
Sindikufuna athe.