Nyanja ya pa Nsanjika Yachinayi

Ku Joni kulibe nyanja, aliyense akudziwa.
Koma pa hotela yathu ku Rosebank ilipo,
pa nsanjika yachinayi.
Anaipenta pakhoma mnyamata wa ku Maputo,
masiku atatu, n'kumulipira theka.
Mafunde amatuluka m'kabokosi
kuseri kwa maluwa apulasitiki.
Amene amawayatsa ndine,
ndisanayambe kupukuta mafoloko.

Nsomba zimafika usiku pa lole ya ku Durban,
zitagona pa ayezi, maso ali tong'o.
Zayenda mtunda ngati ine,
kungoti izo palibe anazifunsa chitupa panjira.

Mawu ake ndinawaloweza ngati katekisimu:
m'mawa, bwana, dzira mulifuna bwanji,
lokazinga, lowiritsa, kapena lovundula?
Masana mukhoza kudyera panja, pa dziwe losambira,
mapazi ali mu mchenga
(matumba makumi anayi, tinagula kogulitsa simenti).
Madzulo kuli nkhanu zofiira,
mbale imodzi ndi lendi yanga ya sabata ku Rosettenville.
Izi zokha sindinena.

Tebulo nambala naini, Lachinayi lililonse,
Mayi Motsoeneng.
Amakhala moyang'ana khoma,
kachikwama pamiyendo ngati ali m'basi.
Nkhono za m'nyanja zisanu ndi imodzi, ndimu, tiyi wopanda mkaka.
Sadya. Amangonunkhiza.
Akuti bambo anawalonjeza nyanja yeniyeni
akadzapuma pa ntchito,
koma fumbi la mumgodi linafika msanga m'chifuwa
kuposa penshoni.

Dzulo magetsi anathima.
Jenereta inatsokomola kawiri n'kukana.
Nyanja inangoti zii.
Tinamva mahutala a mateksi mu Oxford,
supuni kugwa,
Tendekai kutukwana mapoto m'Chishona.

Mumdimamo mayi aja anati,
“Mwanawe, madzi aja apita kuti?”

Ndinalowa kuseri kwa maluwa,
thireyi m'khwapa, tayi ili pambali,
ine Yotamu mwana wa Likongwe,
wa satifiketi ya Fomu Folo,
n'kuyamba ndi pakamwa:
waaa… shiii… waaa…

Anaseka mpaka kugwira tebulo,
mpaka kuseka kuja kunasanduka china
chimene sindinafune kuyang'ana.
Kenako ndinamva chigoba chikugunda mbale.
“Ndi yamchere,” anatero,
ngati akundiuza nkhani ya maliro,
kapena ya ukwati.

Anasiya marandi makumi awiri
ndi nkhono zisanu.
Lamulo limati zotsala n'za m'bini.
Zelifa wotsuka mbale analawa imodzi, n'kulavula,
akuti ndi mamina a azungu.
Zinayizo ndinameza ndine, chiimire, pafupi ndi sinki.

M'teksi popita kunyumba
tinadutsa milu ija ya dothi la m'migodi,
yotuwa pa mwezi, yopanda bwato.
Mchere unali ukadali pa lilime.
Nyanja yeniyeniyo, mayi,
nanenso sindinaionepo.
Mawa hafu sikisi ndikaiyatsa.